Ulendo woona malo akale ku Nkhotakota ndi katswiri wa boma

Sabata yatha tinalipira ulendo wa tsiku limodzi wotsogoleredwa ndi mayi wina amene ndi katswiri wa boma wofukula zinthu zakale, ndipo ndikuona kuti ndalama zathu sizinapite pachabe.

Tinayambira pa mkuyu pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mtsogoleri wachiswahili wochita malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860 kukakambirana za malonda a akapolo, koma pamenepo sitinakhalitse chifukwa mbiriyo ambiri tinkaidziwa kale. Chimene chinandigwira mtima chinachitika m'mphepete mwa mtsinje wa Bua, pafupi ndi nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota imene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015. Mayiwo anawerama n'kutola phale la mphika lokhala ndi timizere m'khosi, anatifotokozera kuti kalembedwe ka timizereto ndi kamene kamathandiza kudziwa nthawi imene mphikawo unaumbidwa, kenaka analijambula, analemba malo ake pa GPS, n'kulibwezera pomwe linali. Mnzanga atapempha kuti alitenge ngati chikumbutso, anakanizidwa mwaulemu, popeza lamulo limaletsa kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo.

Anatiuzanso kuti ntchito yawo imafuna digiri ya kuyunivesite, luso lowerenga mapu ndi mphamvu zoyenda mtunda wautali, ndipo gawo lalikulu ndi kufufuza malo msewu kapena nyumba zisanamangidwe, kenaka kulemba malipoti.

Chodandaulitsa n'chakuti galimoto inachedwa ndi maola awiri, moti ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo tinaifika dzuwa litapendeka, mafunso athu ambiri asanayankhidwe.