Mano anga ankatha usiku ku Leeds

Amene anayamba kuzindikira kuti ndimakukuta mano kutulo ndi mnzanga wa ku Zimbabwe yemwe tinkagona chipinda chimodzi. Tsiku lina m'mawa anandifunsa kuti, "Asisi, usiku mumatafuna chiyani?" Ankati phokoso lake limamveka ngati munthu akupera chimanga pamphero. Ine sindinkadziwa kalikonse. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti ndikadzuka nsagwada zimakhala zitauma gwa, mutu ukupweteka cham'mbali mwa makutu, ndipo kuyasamula kunali ngati ndikuthyola chinthu.

Ndinafika kuno ku England mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mashifiti ambiri ndi a maola 12, ena ausiku, ndipo kuti maso asatseke ndinkamwa khofi makapu anayi kapena asanu. Kwathu ku Dedza agogo ankati mwana akamakukuta mano ndiye kuti ali ndi njoka zam'mimba, choncho ndinagula mankhwala a njoka n'kumwa. Palibe chinasintha. Patatha miyezi ingapo dzino lakumapeto linabenthuka ndikudya mtedza wokazinga.

Dokotala wa mano atandiyang'ana m'kamwa anandionetsa pagalasi mmene nsonga za mano zaphwatalalira. Anandigwira m'masaya n'kundiuza kuti ndilume mwamphamvu, ndipo mnofu unatumphuka ngati dzira. Anati mnofu umenewu ndi masseter, womwe umatseka pakamwa tikamatafuna, ndipo wanga unali utakula chifukwa chogwira ntchito usana ndi usiku. Vutoli amalitchula kuti bruxism. Anandifunsa za nkhawa, tulo, khofi, mowa ndi fodya, chifukwa zonsezi zimalikolezera. Anandikonzera kapulasitiki kovala m'mano pogona. Kanateteza mano, koma ululu unatsala, ndipo pasanathe chaka ndinali nditakaboola.

Ndi pamenepo anatchula za Botox. Ndinadabwa, chifukwa ndinkaidziwa ngati jakisoni wa azimayi olemera ochotsera makwinya. Anandifotokozera kuti ndi poizoni wochokera ku kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, ndipo ku America anavomerezedwa koyamba mu 1989 pochiza minofu ya m'maso, nkhani ya makwinya isanabwere. Akabaya pang'ono kwambiri mumnofu, uthenga wochokera mumtsempha sufika wonse, mnofuwo n'kufooka. Anandiuzanso mosabisa kuti mankhwalawa sanalembetsedwe kuti ndi a kukukuta mano, koma madokotala amawagwiritsa ntchito njira zina zikakanika. Ku NHS, zipatala za boma za kuno, ndikanadikira nthawi yaitali popanda chitsimikizo, choncho ndinalipira ndekha mapaundi 300. Ndalama imeneyi ndinailingalira masabata atatu, ndikuiwerengera m'matumba a feteleza.

Kubayako sikunatenge mphindi 10. Kasingano kake n'kakang'ono, anabaya malo atatu tsaya lililonse, ndipo madzulo ndinapita kuntchito. Masiku oyamba ndinaona ngati ndataya ndalama. Sabata yachiwiri ili pakati ndinadzuka m'mawa wina mutu uli mbee, pakamwa pakutseguka mosavuta. Ndinakhala pabedi n'kulira, chifukwa ndinali nditaiwala kuti munthu amatha kudzuka wopanda ululu.

Zovuta zake zilipo. Kwa mwezi wathunthu nyama yootcha inkanditopetsa, nsagwada zinkalefuka ndisanamalize mbale. Nsima ndi nyemba zokha ndi zomwe zinkalowa bwino. Nkhope inachepa m'masaya moti amayi atandiona pa WhatsApp anafunsa ngati ndikudwala. Dokotala anali atandichenjeza kuti singano ikaphonya n'kukhudza mnofu womwetulira, pakamwa pamapotoka kwa masabata angapo, komanso kuti mayi woyembekezera sabayidwa. Ndipo mphamvu ya jakisoniyo imatha. Kwa ine pa mwezi wachinayi kuuma kuja kunayamba kubwerera.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikupempha abale amene muli kuno kapena ku Joni. Pa Facebook pali anthu obaya motchipa m'masaluni ndi m'nyumba zawo. Mu 2025 anthu angapo kumpoto chakum'mawa kwa England anagonekedwa m'chipatala atabayidwa mankhwala osavomerezeka, ena akulephera kumeza ndi kupuma bwino. Kuno mankhwalawa amayenera kulembedwa ndi dokotala, dokotala wa mano kapena namwino wololedwa kutero, atakuonani kaye. Wina akakuuzani mtengo wotsika kwambiri, funsani dzina la mankhwalawo ndi amene wawalemba.

Nditapita kachiwiri, dokotala uja asanatenge singano anandifunsa kuti chimandisowetsa tulo n'chiyani. Ndinayamba kutchula: lendi, visa yomangiriridwa kwa bwana mmodzi, fizi ya ana a achimwene, denga la amayi, mauthenga ofika 3 koloko usiku akuti "tatumizaniko kangachepe". Sindikudandaula za inu, achemwali ndi achimwene anga, ndinabwera kuno chifukwa cha inu. Koma zonse zimene sindinkatha kukuyankhani ndinkaziluma kutulo. Jakisoni anafewetsa mnofu, ndipo ndikuthokoza, koma mano ndimakukutabe, mphamvu yake ndi imene yachepa.

Panopa mashifiti ausiku ndawachepetsa kufika awiri pa sabata, khofi ndimalekeza masana, ndipo foni ndimaizimitsa pogona. Kapulasitiki kaja ndinakonzetsa kena. Mukaona kuti sindinayankhe usiku musade nkhawa, ndiyankha kukacha. Papita miyezi 7 chibayitsireni kachiwiri, ndipo tsiku lobayitsa kachitatu sindinalembetse.