Mityvac MV8500: kapampu kamanja koyezera turbo musanaimasule

Galimoto ya dizilo yoyenda m'tchire ikayamba kufooka pokwera mtunda, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, chala chimathamangira kuloza turbo, imene imazunguzidwa ndi utsi n'kukankhira mpweya wochuluka m'injini. Ambiri amaimasula n'kugula ina, koma galimoto n'kukhalabe yaulesi monga kale, chifukwa cholakwa chinali kapaipi kamphira kong'ambika kapena kavalavu kodzaza mwaye. Kapampu ka Mityvac MV8500 ntchito yake yaikulu ili pamenepa: kuzindikira turbo yabwinobwino imene yangosowa woilamula.

Ndi pampu yopopa ndi dzanja limodzi, yachitsulo, yokhala ndi geji pamwamba. Mukatembenuza kosinthira, imasiya kukoka mpweya n'kuyamba kukankha. Geji yake imawerenga mbali zonse ziwiri: kukoka mpaka 30 inHg, kukankha mpaka 30 psi, komwe ndi pafupifupi 2 bar. M'bokosi mumabweranso timapaipi, timilomo tolumikizira tosiyanasiyana ndi kabotolo kochotsera mpweya m'mabuleki. Kuti imakoka ndi kukankha komwe ndiye chifukwa chenicheni choigulira. Mapampu ambiri a mtundu uwu amangokoka, ndipo oterowo sangayese wastegate.

Tiyambire pa wastegate pomwepo, popeza injini zakale zolimba zija zonse zili nayo: 1HD-T ndi 1KZ-TE za Toyota, 300Tdi ndi Td5 za Land Rover, 4D56 ya Mitsubishi. Wastegate ndi kachitseko ka mbali ya utsi kamene kamatseguka mpweya ukafika pa mlingo wake, kuti utsi wina ulambalale turbo. Chotsegula kachitsekoka ndi kachitini kokhala ndi mphira ndi sipuling'i m'kati, kolumikizidwa ndi kandodo kachitsulo. Injini itazima ndi kuzizira, zulani kapaipi ka pa kachitiniko, lowetsani ka pampu, popani pang'onopang'ono maso ali pa kandodo. Pa injini zimene zimakankha mpweya wa pafupifupi 1 bar, monga 300Tdi, kandodoko kayenera kuyamba kusuntha mukayandikira mlingo umenewo, ndipo kasunthe mosalala. Nambala yeniyeni ili m'buku la injini yanu, itsateni. Musapope mopitirira kwambiri pofuna kuona pothera kandodo, mphira wam'katiwo mungauphulitse nokha.

Zimene mungaone ndi zitatu. Kandodo kakasuntha msanga, geji isanafike ndi theka lomwe, sipuling'i yafooka, kachitseko kakutseguka nthawi isanakwane ndipo turbo siikufika pa liwiro lake. Muvi wa geji ukamatsika wokha mutasiya kupopa, mphira wabooka. Apa kachitseko sikatseguka, mpweya umapyola mlingo, ndipo pa injini zoyendetsedwa ndi kompyuta mphamvu imadulidwa dala poteteza injini. Kandodo kakapanda kusuntha konse pamene geji ikugwira mpweya bwino, masulani kapini kolumikizira n'kugwedeza mkono wa kachitseko ndi zala. Galimoto zowoloka mitsinje ndi matope zimagwidwa dzimbiri pamenepa kawirikawiri. Kachitseko kakauma kali kotsegula pang'ono, galimoto imafooka ngati ilibe turbo, chonsecho turbo ili yamoyo.

Pampuyi imaonetsa luso lake lenileni pa turbo za timapiko tosuntha, zimene amakaniko amangoti VNT, zoyendetsedwa ndi mpweya wokoka, monga Garrett ya pa ZD30 ya Nissan Patrol. Mu turbo izi mulibe wastegate. M'malo mwake muli timapiko tozungulira gudumu la utsi, timene timapanikiza njira ya utsi injini ikamayenda pang'onopang'ono n'kuitsegula ikathamanga. Mwaye ndi dzimbiri zikaunjikana pa mphete yoyendetsa timapikoti, timagwira. Ikani pampu pa kukoka, lumikizani pa kachitini, kokani pang'ono pang'ono. Pa turbo zambiri za Garrett kandodo kamayamba kusuntha pa 3 mpaka 5 inHg n'kukagunda bawuti yoimitsira cha pa 18 inHg. Chofunika kuposa manambalawa ndi kayendedwe. Kandodo kakamapita modumphadumpha, kuima kenaka n'kulumpha, kapena mukatulutsa mpweya n'kubwerera mozengereza, timapiko tadetsedwa. Turbo yotereyi imafuna kutsegulidwa mbali ya utsi ndi kutsukidwa, osati kutayidwa.

Mukatha apo musaike pampu m'bokosi. Bwererani m'mbuyo motsata timapaipi. Lumikizani geji pa kapaipi kochokera ku pampu ya vacuum ya injini, imene imakoka mpweya woyendetsa kachitini kaja, lizani injini: pampu yabwino imakoka kupyola 20 inHg injini ikungolira payokha, ndipo imafikapo msanga. Yofooka imaonekeranso pa mabuleki olimba popondereza, popeza onse amamwa pa chitsime chimodzi. Kenaka yesani kapaipi kalikonse pakokha: tsekani mbali ina ndi chala, kokani, dikirani theka la mphindi. Timapaipi timeneti timauma ndi kutentha n'kung'ambika kunsi, kumene maso safika. Yesaninso solenoid, valavu ya magetsi yolamula turbo, ngati ikusunga mpweya ikazima ndi kuudutsitsa ikapatsidwa magetsi. Valavu ya EGR, yobwezera utsi wina m'injini, ikakhala yoyendera vacuum imayesedwa chimodzimodzi. EGR yotsala yotsegula imaba utsi umene ukanazunguza turbo n'kuubwezera m'injini, zotsatira zake utsi wakuda ndi kufooka pa liwiro lotsika, zizindikiro zomwe zija zimapachikitsa turbo.

Kagwiridwe ka pampuyi n'kabwino. Thupi lachitsulo silisweka likagwera pansi pa galimoto monga achitira mapampu apulasitiki, kotulutsira mpweya kali pafupi ndi chala, ndipo mphira zam'kati zimasinthika zikatha. Chenjezo n'lakuti madzi, oyilo kapena mafuta a mabuleki asalowe m'pampu. Ngati kapaipi kali ndi oyilo, ikani kabotolo kaja pakati. Timilomo tambiri tam'bokosi n'ta mabuleki, choncho sungani kapaipi ka silikoni kotalika mita imodzi ndi kolumikizira ka nthambi zitatu. Geji yake ndi yaing'ono: kusiyanitsa 14 ndi 15 psi kumafuna kuyang'anitsitsa ndi tochi.

Tsopano zimene kapampuka sikangachite, ndipo n'zambiri ndithu.

Sikangakuuzeni ngati turbo yatha. Kutha kwa turbo kuli pa shafuti ndi ma bearing ake, ndipo kumeneko kumafuna zala, tochi ndi dial indicator, kachida ka muvi koyezera kugwedera kochepa kwambiri. Shafutiyi imazungulira kupyola maulendo 100,000 pa mphindi itayandama pa kaoyilo kopyapyala, ndiye injini ikazima n'kwachibadwa kuti igwedere pang'ono cham'mbali. Anthu ambiri amataya turbo zabwino chifukwa cha kagwedegwede kameneka. Lamulo lake ndi ili: chotsani paipi yolowetsa mpweya, gwirani nati ya pakati, kankhirani m'mbali uku mukuzunguza. Gudumu likakhudza khoma, kapena mukaona mizere yonyezimira pamene lakhala likupala, turbo yapita. Kugwedera kolowa ndi kutuluka ndiye koopsa. Kumeneku zala siziyenera kukumva n'komwe. Pa dial indicator turbo zing'onozing'ono zambiri sizipyola 0.1 mm. Mukamva kakugogoda pokoka ndi kukankha, thrust bearing, yoletsa shafuti kulowa ndi kutuluka, yatha, ndipo timphete totsekera oyilo titsatira posachedwa.

Yang'ananinso mapiko a gudumu la mpweya. Oyenera kukhala akuthwa m'mphepete. Akakhala obuntha, ooneka ngati opalidwa ndi mchenga, fumbi lakhala likudutsa: sefa ya mpweya yong'ambika, chivundikiro chake chosakhala bwino, kapena kilampu yomasuka pakati pa sefa ndi turbo. Ameneyu ndiye mdani wamkulu wa galimoto za m'tchire, ndipo turbo yatsopano idzafa imfa yomweyo ngati pobowokapo sipatsekedwa. Phiko lopindika kapena lobenthuka ndi chizindikiro cha kanthu kolimba kamene kanalowa, ndipo nthawi zambiri limabwera ndi kulira ngati sayirini.

Za oyilo nazo pampu ilibe chonena. Kaoyilo kongonyowetsa m'mapaipi a intercooler, choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, n'kachibadwa, kamachokera ku mpweya wotuluka m'kati mwa injini mokhala oyilo. Oyilo wodikha wothira m'kapu ndi nkhani ina, ndipo ngwoopsa, chifukwa injini ya dizilo ikhoza kuyamba kuumwa ngati mafuta n'kuthamanga yokha osazimitsika ndi kiyi. Komabe musanaweruze turbo onani zinthu zitatu: sefa ya mpweya yotsekeka imakoka oyilo kudutsa timphete, paipi yobwezera oyilo pansi ikapindika kapena kutsekeka oyilo amasefukira, ndipo injini yotha mapisitoni imakankha mpweya wambiri pansi n'kuletsa oyilo kutsika. Paipi yobweretsa oyilo nayo imatsekeka ndi makala ngati woyendetsa amazimitsa injini atangotsika kumene pa ntchito yolemetsa. Mphindi ziwiri kapena zitatu injini ikulira payokha zimapulumutsa ma bearing.

Kapampuka sikangayesenso kuchucha kwa mpweya m'mapaipi akuluakulu ndi intercooler. Mpweya umene kamapopa ndi wochepa kwambiri, mungapope mpaka dzanja kutupa geji osasuntha. Ntchito imeneyo imafuna chotsekera pakamwa pa turbo, kompuresa yotsitsidwa kufika pa 10 mpaka 15 psi, ndi madzi a sopo. Thovu limaonekera pa makilampu, pa ngodya za intercooler zogundidwa ndi miyala, ndi pa paipi yamphira imene imaoneka yabwino injini itazima koma n'kuyasama ikakankhidwa. Banga la oyilo wakuda pa paipi ndiye poyambira kufufuza.

Ndipo pa turbo zoyendetsedwa ndi kamota ka magetsi, monga ya pa 1KD-FTV ya Hilux ndi Prado, palibe polumikiza kapaipi. Apo pamafunika makina owerengera kompyuta ya galimoto, kuyerekeza mpweya umene kompyuta ikupempha ndi umene ukufikadi galimoto ikukwera mtunda mu giya yachitatu. Khodi ya P0299 imanena kuti mpweya wachepa, P0234 kuti wapyola, koma palibe mwa ziwirizi imene imati turbo yafa. Sensa ya MAP, yoyeza kukankha kwa mpweya wolowa m'injini, ikakutidwa mwaye imatha kubweretsa chisokonezo chomwecho. Galimoto ikafooka popanda utsi uliwonse, yambani mwasintha sefa ya dizilo; mpweya ukachepa utsi umada, koma mafuta akachepa injini imangofooka mwakachetechete.

Kwa garaja yokonza galimoto za 4x4 za zaka za m'ma 1990 ndi 2000, MV8500 ndi chida chogula kamodzi n'kumachigwiritsa ntchito sabata iliyonse, bola chikhale pamodzi ndi dial indicator ndi chotsekera choyesera kuchucha. Mwini galimoto imodzi ayambe wasuzumira pa turbo yake: ngati pali kachitini kokhala ndi kapaipi kamphira, pampuyi imuthandiza, ngati pali kabokosi kokhala ndi nthambo za magetsi, agule kaye makina owerengera makhodi.