Squid pa seva ya kefe yathu ku Luwinga: nyenyezi zinayi pa zisanu

Squid ndi pulogalamu yaulere, ndipo pa kefe yathu ya intaneti ntchito yake ndi yaumkhalapakati, pakati pa makompyuta a makasitomala ndi intaneti. Kasitomala sasintha chilichonse pa browser. Seva imagwira yokha zonse zopita pa port 80 (khomo limene masamba wamba a intaneti amadzera) n'kuzikhotetsera kwa Squid pa port 3129. Ophunzira a ku Mzuni amangofika n'kuyamba kufufuza za sukulu, osadziwa n'komwe kuti zawo zikudutsa penapake.

Zinasokonekera titakweza Ubuntu pa sevayo. Khadi ya netiweki imene tinkaidziwa kuti eth0 inadzuka ili ndi dzina lina, enp2s0, ndiye malamulo akale a iptables, pulogalamu yowongolera kumene zodutsa pa netiweki zipite, anasiya kugwira. Mnyamata amene amatithandiza atawalembanso, lamulo lina linakokolola zonse, ngakhale zimene seva imadzitumizira yokha pa 127.0.0.1. Msewu umenewu, wa loopback, sutuluka kunja kwa kompyuta, koma zambiri zimadalira pomwepo. Kapulogalamu kathu kowerengera nthawi ya makasitomala kamatsegukira pa localhost, dzina lina la 127.0.0.1, ndipo m'malo mwa mphindi ndi ndalama tinangoona tsamba la Squid lotikaniza kulowa. Tinabwerera ku kope ndi bolopeni, mvula ya ku Mzuzu ikuwomba pa malata, anthu ali pamzere kudikira kusindikiza.

Apa ndi pamene ndinaikondera Squid: sinabise vuto. Mu cache.log, fayilo imene Squid imalembamo mavuto ake, munalembedwa poyera kuti "Forwarding loop detected". Zopempha zake zomwe zinkabwezedwanso kwa iyo, kumangozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Mankhwala anali mizere iwiri: zonse zodutsa pa lo (loopback ija) zisakhudzidwe, komanso zochokera kwa user wotchedwa proxy, amene Squid imagwiritsa ntchito, zituluke osakhotetsedwa. Dziwaninso kuti Ubuntu wamasiku ano amafunsa mayina a mawebusayiti kudzera pa 127.0.0.53, choncho mukatseka loopback mwachisawawa, DNS, ntchito yofunsa mayinayo, nayo imagwa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha bando. Kale Squid inkasunga masamba n'kutipulumutsira data ndithu, koma lero pafupifupi zonse, Facebook ndi YouTube zomwe, zimayenda mobisika pa HTTPS, port 443, ndipo zimenezo sizisungika pokhapokha muike satifiketi yanu pa kompyuta iliyonse. Ine zosuzumira m'zinsinsi za makasitomala sindifuna.

Eni makefe anzanga, musanakweze seva, sungani malamulo anu ndi iptables-save, ndipo mukamaliza yambani mwayesa localhost musanatsegulire anthu chitseko.