Zida zopangira gitala ya flamenco: chopindira matabwa n'chabwino, puleni yandikhumudwitsa

Miyezi isanu yapitayo ndinagula zida kusitolo ina ya ku Spain imene imagulitsa matabwa ndi zipangizo kwa amisiri a magitala, ndipo popeza gitala yanga yoyamba ya flamenco, mtundu wa nyimbo za kummwera kwa Spain, yafika poikidwa nsambo, ndikhoza tsopano kunena mmene zidazo zagwirira ntchito. M'katonimo munali chitsulo chamagetsi chopindira matabwa, chopalira chachitsulo chopyapyala, puleni yaing'ono, matchizulo atatu ndi chida chokuzira mabowo a zikhomo zokungira nsambo.

Chitsulo chopindira ndicho chandigwira mtima. Gitala ya flamenco ya mtundu wa blanca, ngati yangayi, imakhala ndi nthiti (matabwa a m'mbali) ndi msana za cypress, mtengo wa m'banja limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje, ndipo nthitizo zimapalidwa mpaka kutsala mamilimita 2 kapena kucheperapo. Thabwa lopyapyala chotero limathyoka chitsulo chikapanda kutentha mokwanira, ndiponso limapserera chikatentha mopitirira muyeso. Popeza cypress ndi woyera, chipsera chilichonse chimaonekabe ngakhale mutapaka vanishi wa shellac kangati. Chitsulochi chili ndi potembenuza kuti muchepetse kapena kuwonjezera moto, ndipo chikafika pamene mwachiika sichisinthasintha. Mbali yake yopapatiza inandithandiza kupinda chiuno cha gitala, pamene ambiri ophunzira amathyolera matabwa, ndipo nthiti zonse ziwiri zinatuluka zopanda mng'alu. Fungo la cypress wonyowa akakhudza chitsulo chamoto ndi losaiwalika.

Chopalira chija ndi chotsika mtengo koma ndachigwira tsiku lililonse, makamaka popepula thabwa lapamwamba la mtengo wa spruce pang'onopang'ono kwinaku ndikuligogoda kuti ndimve kulira kwake. Matchizulo nawo anasema bwino timitengo tomatidwa kunsi kwa thabwalo motambasuka ngati zala, njira imene Antonio de Torres, mmisiri wa magitala wa ku Almería ku Spain amene anamwalira mu 1892, anaikhazikitsa.

Puleni ndiyo inandigwiritsa fuwa lamoto. Pansi pake sipanali posalala, mpeni wake unkabuntha msanga, ndipo ndinataya masiku awiri ndikuikhula pa sandipepa isanayambe kupala mowongoka.

Chinanso chimene ndikanakonda sitoloyo itachinena poyera n'chakuti m'katonimo mulibe solera, thabwa lalikulu limene gitala imamangidwirapo chafufumimba. Solera ndiyo imaika kapendekeredwe ka khosi, ndipo pa flamenco nsambo zimafunika kukhala pafupi kwambiri ndi khosi, mamilimita pafupifupi 3 pa fret ya 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), kuti zilire mwakuthwa ndi mothethetsa pang'ono monga oimba a ku Andalucía, kwawo kwa flamenco, amafunira. Ndinachita kudzipangira ndekha, ndipo yoyamba ndinaitaya chifukwa ndinaikumba mopitirira pamalo pokhala mlatho wa nsambo.