Hotela, nyumba yobwereka kapena msasa: kodi galu wanu akagone kuti patchuthi?

Malo ambiri ogona alendo masiku ano amalengeza kuti amalandira agalu, ndipo munthu akatsegula masamba a pa intaneti osungitsira malo ogona monga Booking.com kapena Airbnb n'kusankha kuti aone malo otero okha, amapeza mndandanda wautali wosowa nawo poyambira. Vuto ndi lakuti eni malo akamanena kuti agalu ndi ololedwa, ena amatanthauza kuti anakonzeradi galu pokhala, pothamanga ndi podzithandizira, pamene ena amangotanthauza kuti sadzakubwezani pachipata malinga mulipire ndalama yowonjezera. Poyerekeza hotela yaikulu, nyumba yobwereka yodziphikira nokha ndi msasa wa mahema, muyeso umene ndimauona kukhala wothandiza kuposa yonse ndi umodzi: kodi galuyo adzakhala kuti, ndipo adzakhala motani, pa maola amene inu simungathe kukhala naye? Mbale yokongola ndi kamphasa kolembedwa dzina la hotela n'zosangalatsa m'maso mwa mwini galu, koma siziyankha funso limeneli.

Hotela yaikulu yopumulirako ili ndi ubwino umodzi umene malo enawo alibe, ndiwo malamulo olembedwa amene munthu angawawerenge asanalipire. Mahotela a Kimpton, amene anayamba ku San Francisco m'chaka cha 1981, amadziwika chifukwa cholandira ziweto popanda kulipiritsa ndalama yapadera ndiponso popanda kuika malire a kukula kwa galu, zimene sizichitika kawirikawiri, chifukwa mahotela ambiri amaika malire a kulemera ndi chiwerengero cha agalu m'chipinda, ndipo ena amakana mitundu ina ya agalu. Ku Walt Disney World ku Florida anayamba kulandira agalu m'chaka cha 2017 m'malo anayi ogona alendo, omwe ndi Yacht Club, Port Orleans Riverside, Art of Animation ndi tinyumba ta ku Fort Wilderness, ndipo amalola agalu osapitirira awiri m'chipinda chimodzi. Chitsanzo chimenechi chikuonetsa bwino pamene pagona vuto la mahotela otere: galuyo amaloledwa kugona, koma saloledwa kulowa m'mapaki a zisangalalo amene banja lapitira kumeneko, ndiponso saloledwa pa dziwe losambira ndi m'malo odyera. Choncho mbali yaikulu ya tsiku, pamene anthu akusangalala, galu amakhala m'chipinda chachilendo kapena kumalo osungira ziweto.

Chipinda cha hotela n'chovuta kwa galu kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Kunja kwa chitseko kumadutsa anthu nthawi zonse, ngolo za okonza m'zipinda zimalira, chikepe chimatseguka ndi kutsekeka, ndipo galu amene kwawo anazolowera kuuwa akamva mapazi pakhomo amachita zomwezo usiku wonse, chifukwa kwa iye aliyense wodutsa pakhondepo ndi mlendo wofika pakhomo la mbuye wake. Galu wotero mudzamupeza atagona ndi mphuno yake pampata wa pansi pa chitseko, makutu ali chilili, osakhudza n'komwe chakudya chimene mwamusiyira. Ndiye palinso nkhani ya kudzithandiza: ngati chipinda chili pansanja yachisanu, galu wamng'ono msinkhu kapena wokalamba akafuna kutuluka pakati pa usiku, muyenera kuvala, kumumanga chingwe, kudikira chikepe ndi kudutsa pofikira alendo, ndipo nthawi zambiri kapeti ndi amene amalipira mtunda umenewo. N'chifukwa chake woganiza za hotela ayenera kupempha chipinda cha pansi chokhala ndi khomo lotulukira panja, ndipo afunse momveka bwino ngati galu angasiyidwe yekha m'chipinda, popeza mahotela ambiri amaletsa zimenezo, ena amalola pokhapokha galu atatsekeredwa m'kakhola kake, ndipo pafupifupi onse salola wantchito kulowa kudzakonza m'chipinda muli galu womasuka. Hotela imamuyenera galu wofatsa, wozolowera anthu ambiri ndiponso wodziwa kugona m'kakhola, makamaka ngati ulendo ndi wa masiku ochepa.

Nyumba yobwereka, kaya ndi kanyumba kapadera m'kati mwa malo aakulu opumulirako monga mmene zilili ku Center Parcs kumene nyumba zina zinapatulidwira alendo okhala ndi agalu, kaya ndi nyumba ya munthu yopezeka pa Airbnb, ndiyo imene ndimaiika patsogolo kwa agalu ambiri. Chifukwa chake n'chakuti imafanana kwambiri ndi moyo umene galu anazolowera: palibe anthu odutsa pakhomo, chakudya amalandira pa nthawi yake, ndipo mukhoza kudya m'nyumbamo galu ali pamapazi anu m'malo momusiya kuti mupite kumalo odyera. Galu wamkulu thupi, kapena banja lokhala ndi agalu awiri kapena atatu, kawirikawiri silikhala ndi kwina kopita koposa kumeneku.

Komabe nyumba yobwereka ili ndi misampha yake, ndipo waukulu ndi mpanda. Eni nyumba amalemba kuti bwalo ndi lotchingidwa, koma mpanda umene umakwanira kutchinga maso a anthu sikuti umatchinga galu. Mpanda wa mitengo yobzala ukhoza kukhala ndi mpata pansi wokwana galu wamng'ono, waya wofika m'chiuno salepheretsa galu wodziwa kudumpha, ndipo chipata chimene chimangokankhidwa popanda chotsekera galu wochenjera amachitsegula ndi mphuno pa tsiku loyamba. Ndi bwino kupempha zithunzi za mpanda wonse musanalipire, ndipo mukafika muzungulire bwalolo galu adakali pachingwe, mukuyang'ana pansi pa mpanda, kuseri kwa nkhokwe ya zipangizo ndi m'makona mmene eni nyumba amakonda kuika mankhwala ophera makoswe. Galu wothawa pamalo achilendo sadziwa njira yobwerera, ndipo masiku oyambirira ndi amene ali oopsa kwambiri. Msampha wachiwiri ndi wakuti malamulo amadalira munthu mmodzi, mwini nyumbayo, kotero zimene mwagwirizana, monga ngati galu angakwere pamipando, ngati angatsale yekha m'nyumba, ndi ndalama ya chikole imene mudzabwezeredwa pochoka, ziyenera kulembedwa m'mauthenga anu. Pofika jambulani zithunzi za pansi, zitseko ndi mipando, kuti zokanda za galu wa mlendo wina zisadzagwere wanu. Dziwaninso kuti m'nyumba yotere mulibe wantchito wa usiku amene angakuuzeni kumene kuli dokotala wa ziweto galu akadwala mwadzidzidzi, choncho nambala ya dokotala wapafupi muyenera kuifufuza nokha musananyamuke.

Msasa wa mahema umaoneka ngati ndiwo malo achibadwa a galu, ndipo kwa galu wamphamvu wokonda kuyenda mtunda wautali palibe chomusangalatsa kuposa pamenepo. Ndiwonso wotsika mtengo pa atatuwa nthawi zambiri. Koma pa muyeso wathu uja msasa ndiwo wovuta kuposa onse, chifukwa palibe ngakhale ola limodzi limene mungamusiye galu. Hema satsekera galu wofuna kutuluka, ndipo dzuwa likakwera m'kati mwake mumatentha msanga, monganso m'galimoto yoimikidwa, ngakhale mazenera atatsegulidwa pang'ono. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amaziziritsa thupi popuma wefuwefu, ndipo kutentha kwa thupi lake, kumene kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, kukafika pa 41 moyo wake umakhala pangozi. Agalu a mphuno zazifupi monga pug ndi bulldog ndi amene amavutika msanga, moti kwa iwowa msasa wa nyengo yotentha sindingaulimbikitse ngakhale pang'ono. Anthu ambiri amadabwanso akapeza kuti malo otchuka a zachilengedwe sakonda agalu. M'mapaki a boma la America galu amayenera kukhala pachingwe chosapitirira mamita 1.8, ndipo m'mapaki ambiri saloledwa m'tinjira toyenda pansi, amangololedwa pamsasa ndi m'mbali mwa misewu. Ku Kruger National Park, malo osungira nyama zakutchire a ku South Africa, ziweto siziloledwa kulowa, ndipo chifukwa chake n'chomveka, popeza agalu amatha kupatsira nyama zakutchire matenda monga chiwewe, komanso iwo eni akhoza kugwidwa ndi zilombo. Woganiza za msasa awerenge malamulo a njira zimene akufuna kuyendamo, chifukwa malamulo a pamsasa pokha sakwanira.

Kutchire kulinso tizilombo ndi matenda amene m'hotela simungakumane nawo. Nkhupakupa zimabisala m'udzu wautali ndipo zimakonda kuluma m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala, kotero galu ayenera kulandira mankhwala oteteza ulendo usanayambe ndiponso kumufufuza ndi manja madzulo aliwonse. Madzi osayenda akhoza kukhala ndi majeremusi a matenda otchedwa leptospirosis ochokera mumkodzo wa makoswe ndi nyama zina, ndipo madzi okhala ndi ndere zobiriwira zoyandama pamwamba ngati utoto amatha kupha galu m'maola ochepa akamwa kapena akanyambita ubweya atasambiramo. Ngozi za m'hotela ndi za mtundu wina ndipo zimakhala pafupi ndi mphuno ya galu: chokoleti chosiyidwa papilo, mphesa za m'mbale yolandirira alendo, ndi chingamu chokhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol, zonsezi ndi poizoni kwa galu, ndipo chinthu choyamba kuchita mukalowa m'chipinda ndi kuzichotsa pamene angafikire.

Pa nkhani ya ndalama, kuyerekeza mtengo wa chipinda wokha kumasokeretsa. Mahotela ena amalipiritsa galu usiku uliwonse, ena kamodzi pa ulendo wonse, ena pa galu aliyense, ndipo kusiyana kumeneku kumakula ulendo ukatalika. Nyumba zobwereka zimakonda kuwonjezera ndalama yoyeretsera m'nyumba, imene imapweteka ngati mukugona usiku umodzi kapena uwiri koma imachepa mphamvu mukakhala sabata yathunthu. Kwa wogona m'hotela pamafunikanso kuwerengera ndalama yolipira wosamalira galu masana, ngati malamulo saloleza kumusiya yekha. Agalu ophunzitsidwa kuthandiza anthu olumala ali m'gulu lina: ku America, mwachitsanzo, lamulo la Americans with Disabilities Act la 1990 silola hotela kuwakana kapena kuwalipiritsa ndalama ya ziweto, koma lamulo limenelo silikhudza galu wongosangalatsa mwini wake, ndipo kunamizira kuti galu wamba ndi wothandiza wolumala kumangovutitsa anthu amene amadaliradi agalu otero.

Pali njira yachinayi imene okonda agalu sakonda kuimva, ndiyo kumusiya galu kwa wosamalira wodalirika kapena kumalo osungira agalu. Ngati ulendo wanu ndi wa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, m'malo odyera ndi m'mapaki oletsa ziweto, kapena galu wanu ndi wokalamba, wamantha kapena wosanza m'galimoto, kupita naye kumasangalatsa inuyo kuposa iye. Malo osungira agalu abwino amafuna umboni wa katemera, ndipo ambiri amafunanso katemera wa chifuwa chopatsirana cha agalu, chimene chimafala msanga pamene agalu ambiri akhala pamodzi. Malo osafunsa makalata amenewa ndi oyenera kuwakayikira, chifukwa ndiye kuti sanafunsenso agalu ena amene wanu adzakhale nawo.

Ngati ulendo ukudutsa malire a dziko, makalata a galu ndi amene ayenera kusankha tsiku lonyamuka, ndipo kulipiriratu malo ogona musanaonane ndi dokotala wa ziweto ndi kutaya ndalama. M'mayiko a European Union galu amayenera kukhala ndi microchip, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene amakabaya pansi pa khungu ndipo kamasunga nambala ya manambala 15, ndipo kayenera kuikidwa katemera wa chiwewe asanaperekedwe kapena tsiku lomwelo, apo ayi katemerayo sawerengedwa. Galu salandira katemerayu asanakwane milungu 12, ndipo akalandira koyamba pamafunika kudikira masiku 21. Galu wochokera kudziko kumene chiwewe chili chofala amayeneranso kuyezedwa magazi, ndipo kudikira kwake kumatenga miyezi ingapo. Mayiko a United Kingdom, Ireland, Finland, Malta ndi Norway amafuna kuti galu amwetsedwe mankhwala a njoka zam'mimba ndi dokotala pakati pa maola 24 ndi 120 asanalowe, zimene zimachititsa kuti mufunike dokotala pafupi ndi tsiku lonyamuka. Ku America, kuyambira pa 1 August 2024, galu aliyense wolowa ayenera kukhala wa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, akhale ndi microchip, ndipo mwini wake alembe fomu ya bungwe la boma loona za matenda la CDC pa intaneti asanafike. Malamulo amenewa amasintha, kotero muwatsimikize kwa akuluakulu a dziko limene mukupitako komanso a dziko lanu, popeza kubwerera kwanu nakonso kumakhala ndi zofunika zake, ndipo posungitsa malo sankhani amene amalola kusintha masiku popanda kutaya chikole chonse.