Chikwama cha pa kaunjika chomwe ndinapita nacho ku Zanzibar: chili bwanji lero?

Chikwamacho chikadali moyo. Ndayambira pamenepa chifukwa aliyense akamva kuti ndinachigula pa kaunjika, funso lake limakhala lomwelo. Ndi chikwama chobereka cha malita 65, chokhala ndi zitsulo ziwiri za aluminiyamu kumsana ndi lamba wonenepa wa m'chiuno. Ndinachipeza mumsika wa Lilongwe titatsala pang'ono kuvala magawuni, pokonzekera ulendo womwe ine ndi anzanga atatu a m'kalasi tinapangana tikadali ku Zomba: tikangolandira madigiri tikaone Zanzibar, ntchito kapena ulova zisanatibalalitse. Titangobwera kumene ndinachitamanda pa zinthu zitatu: n'cholimba, sichipweteka msana, sichilowa madzi. Pano chaka chatsala pang'ono kukwana. Ziwiri zoyambazo zikadali choncho. Yachitatu inatha, ndipo patulukira vuto lina lomwe ulendo wokhawo sukanandionetsa.

Njira yathu inali ya anthu a m'thumba mopepuka. Basi mpaka Mzuzu, kutsika mapiri a Chiweta, Karonga, kenako chipata cha Songwe, komwe umawoloka mlatho wapansi katundu ali kumsana, n'kukadinditsa pasipoti ku Kasumulu. Mmalawi safunika viza polowa mu Tanzania, koma wotchi yokha uyenera kuikankhira kutsogolo ndi ola limodzi. Kuchoka apo tinakwera timabasi todzera ku Tukuyu mpaka Mbeya.

Chigawo chimenechi ndicho chinayesa zikwama zathu zonse zinayi, ndipo zinali zosiyana bwino moti munthu akhoza kufananiza. Mmodzi wa atsikana ananyamula sutikesi ya mateyala. Winayo anali ndi chobereka cha malita 40, nachonso cha pa kaunjika. Mnzanga wamwamuna anagula chatsopano chonyezimira, cha mtengo wotsika, cha zipi paliponse. Chatsopanocho sichinafike ku Mbeya chili chathunthu: kondakitala anachikoka ndi lamba mmodzi wa paphewa pochitsitsa, ulusi n'kuthothoka, ndipo ulendo wonse anachinyamula chomangidwa ndi linya. Changa anachikoka chimodzimodzi kangapo konse, osasosoka ngakhale pang'ono. Kusiyana kwake kuli pa msoko. Pa zikwama zopangidwira kumapiri, pomwe lamba walumikizana ndi chikwama amasokapo mobwerezabwereza pamalo amodzi mpaka ulusi kuchita kamzere kokhuthala. Pa zotchipa pamadutsa mzere umodzi basi.

Mu sitima ya TAZARA kukula kwa chikwama changa sikunavute. Njanjiyi, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia mpaka ku Dar es Salaam, ndipo ife tinaikwerera pa Mbeya. Zipinda zogona za kalasi yoyamba zimakhala ndi mabedi anayi, ndipo amuna ndi akazi sagona chipinda chimodzi pokhapokha gulu litalipira chipinda chonse. Ife pokhala anayi zinangokwanirana. Chikwama ndinachigoneka pakona, ndipo kathumba ka pamwamba pake, komwe kamatseguka pakokha, kanasunga tochi, mswachi ndi chaja, moti sindinafunike kufukula katundu yense usiku. Sitimayi ikadutsa Mlimba ndi Ifakara imalowa m'nkhalango ya Nyerere, yomwe kale inali mbali ya Selous, ndipo ikadutsamo kukuwala anthu amaunjikana pamawindo kusaka nyama ndi maso.

Ku Stone Town, tauni yakale ya pa Zanzibar, titawoloka nyanja kuchokera ku Dar es Salaam pa boti la maola pafupifupi awiri, sutikesi ija inasanduka chilango. Tinjira ta m'tauniyo n'topanikizika, galimoto sililowamo, ndipo nyumba zogona zotsika mtengo zimakhala ndi masitepe otsetsereka. Ku gombe la Paje, komwe tinapita pa daladala (minibasi za kumeneko) kuchokera pa msika wa Darajani, mateyala ankangomira mumchenga. Wa malita 40 ndiye ankayenda ngati sananyamule kanthu. Ine ndinali pakatikati: msana sunkapweteka, chifukwa lamba wa m'chiuno akamangidwa bwino kulemera kwambiri kumatsikira m'chiuno osati m'mapewa, koma thukuta linkangoyenderera, ndipo pokhota m'tinjira timeneto ndinkachita kusamala kuti ndisagwetse malonda a eni ake.

Tsiku lomwe ndimalikumbukira kwambiri chikwamacho chinatsala kuchipinda. Tinakaona tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomwe chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873. Kwa Mmalawi malo amenewa si achilendo kwenikweni. Anthu ambiri ogulitsidwa ku Zanzibar ankachokera kwathu konkuno, m'mbali mwa nyanja ya Malawi: ankawolotsedwa pa Nkhotakota, kwa Jumbe, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Mkati mwa tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, womwe patsinde pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Mbiri imeneyi tinaiphunzira kusekondale, koma tinatulukamo aliyense ali duu, ndipo madzulo ake ku Forodhani, komwe amawotcha nsomba ndi kufinya madzi a nzimbe, macheza anachedwa kuyamba.

Tsopano za miyezi yotsatira, zomwe ndizo zandilembetsa.

Choyamba kuonekera chinali mchere. Patapita milungu ingapo chikwama chili pamwamba pa wadiropu, zipi ya kathumba ka m'mbali inakana kuyenda. Kachitsulo kokokera kanali katachita zoyerayera ngati phulusa, n'kumatirira kumano a zipi. Mphepo ndi mchenga wa kunyanja yamchere zimadya tizitsulo totere pang'onopang'ono, ndipo ife ozolowera Mangochi ndi Nkhata Bay sitiganizako, chifukwa madzi athu alibe mchere. Zipi yaikulu, yolembedwa YKK, dzina la kampani yodziwika yopanga zipi, sinachite kalikonse. Yomwe inafa ndi yaing'onoyo, yopanda dzina, yomwe zikuoneka kuti mwini wake woyamba anachita kuikirira. Ndinapita nacho kwa bambo wina wosoka nsapato pakhonde la sitolo. Anachitembenuza, n'kugogoda zitsulo za kumsana ndi chala. "Achimwene, ichi musadzagulitse. Zipi ndi nkhani yaing'ono, chikwama ndi mafupa akewa." Anasintha kachitsuloko pa mtengo wosakwana wa chakudya cha masana, n'kundiuza kuti ndizipaka kandulo m'mano a zipi. Amene mukupita kunyanja yamchere, mukabwerako tsukani zipi zonse ndi madzi a pampopi, chikwama chiume pamthunzi musanachisunge.

Chachiwiri chinabwera ndi dzinja, ndipo ichi chilibe msoki. Mkati mwa nsalu ya zikwama zotere amamatamo kapulasitiki kopyapyala kotchinga madzi. Kakakalamba, makamaka pamalo a chinyezi ndi otentha, kamayamba kunata, kutulutsa kafungo kowawasa, kenako kusupuka. Changa chinayamba zimenezi mu Januwale. Malaya oyera a intaviyu anatuluka ali ndi tizidutswa totuwa, ndipo mvula itandipeza pa depoti madzi analowa mpaka pansi. Ndinachitembenuza, n'kupala zosupukazo ndi bulashi ndi madzi ofunda, fungo linachepa ndithu, koma kutchinga madzi kunapita osabweranso. Panopa ndimayamba ndaika jumbo yaikulu yolimba mkati, zovala n'kulowa m'jumbomo. Zimagwira ntchito, kungoti si zomwe ndinalonjeza anthu poyamba paja. Ili ndilo vuto lenileni la chikwama cha pa kaunjika: sudziwa kuti chakhala zaka zingati m'nyumba ya munthu kunja kuja chisanalowe m'belo, ndipo nsalu ikhoza kuoneka yatsopano kunja pomwe mkati mwatha.

Koma chomwe chandisinthitsa maganizo kwambiri ndi kukula kwake. Ulendo wa chisangalalo unatha, ndipo moyo wa munthu womaliza kumene sukulu ndi wa maulendo afupiafupi: kukasiya makalata ofunsira ntchito ku Blantyre, kukagona kwa achibale ku Area 25, kupita kumaliro kumudzi. Pa maulendo otere malita 65 ndi mtolo. Mu minibasi sichikhala pamiyendo, ndiye kondakitala amafuna ulipire mpando wachiwiri, apo ayi achikanikizire kumbuyo pamodzi ndi matumba a ufa ndi ndowa za usipa. Pa kabaza chimakukokera chagada. Ukafika nacho pa ofesi, mlonda amayamba wakufunsa ngati ukusamuka. Komanso chikwama chachikulu chimakunyenga kuti udzazemo. Anthu oyenda m'mapiri amalangiza kuti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lako, ndipo ndi chikwama chotere malire amenewo umawadumpha osazindikira. Mnzathu wa malita 40 uja chake amayenda nacho sabata iliyonse, chimakhala pamiyendo, ndipo atakwera ndege kupita ku Johannesburg analowa nacho mkati osachipereka ku katundu. Changa nthawi zambiri chimangokhala.

Komwe chinabwezadi ndalama zake ndi ku Mulanje. Tinakwera kuchokera ku Likhubula kukagona ku Chambe nthawi ya chiperoni, titanyamula bulangete, poto, ufa, ndiwo ndi zovala za mphepo. Pamenepo malita onse aja anapeza ntchito, ndipo pamiyala yotsetsereka chikwama chinakhala chomatirira kumsana osagwedera. Thonje la m'malamba a paphewa laphwa pang'ono, koma lamba wa m'chiuno akadali wolimba monga tsiku lomwe ndinagula. Msuweni wanga anachibwerekanso popita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kukatenga katundu wa geni, ndipo chinabwerako chodzaza mpaka pakamwa, msoko uliwonse uli m'malo mwake.

Kwa amene mukuvala magawuni chaka chino ndipo mwapangana ulendo wonga wathu: gulani pa kaunjika ndithu, koma cha malita 40 kapena 45, pokhapokha ngati mukudziwa kuti mudzakwera mapiri kawirikawiri. Wogulitsa adzakuuzani kuti "bigi, ichi n'choyambirira m'belo", inu musamvere zimenezo, pisani dzanja mkati. Mukamva kunata kapena kafungo kowawasa, chisiyeni, kapena tsitsani mtengo podziwa kuti mukugula chikwama cholowa madzi. Kokani malamba mwamphamvu pomwe alumikizana, tsekulani ndi kutseka zipi iliyonse, manganinso timapulasitiki tomangira kuti mumve ngati tikulira "thwa". Pemphani kuikamo katundu wolemera, mumange lamba wa m'chiuno, muyende nacho pang'ono pamsika pomwepo: lambayo akhale pamafupa a m'chiuno, osati pamimba. Pasipoti ndi ndalama zokha musamaike m'chikwama chilichonse, chifukwa m'mabasi a kumalire chikwama chimakwera padenga inu muli mkati.