Mababu a LED a H4 atadutsa dzinja ndi fumbi: kuwala kulipo, koma kukulowera kuti?

Babu la LED la nyali yakumanzere ya galimoto yanga lafa, ndipo mnzanga amene akufuna kuika omwewa mu Probox yake wafunsa ngati ali bwino. Ndikunena za mababu a LED a H4 (mtundu wa babu limodzi lokhala ndi dimu ndi fulu) okhala ndi kafani kowaziziritsa kumbuyo, oikidwa m'nyali wamba zopanda lenzi, zija zimadalira chigoba chonyezimira m'kati.

Zabwino zake n'zochepa koma n'zoona. Amayaka nthawi yomweyo, zikwangwani zimaonekera patali, ndipo sadya moto wambiri. Pa mita, lililonse likukoka ma ampu 2 pa 13.5V, kutanthauza mawati 27, pomwe halojeni (babu wamba la kawaya) ya H4 imadya 55 pa dimu ndi 60 pa fulu. Chiwerengero chomwecho n'chimene chimaulula bodza la pa katoni. Palembedwa ma lumen (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) 20,000, koma LED yotere imapereka ma lumen ozungulira 100 pa wati iliyonse, ndiye kuti sangafike n'komwe 3,000. Ndi ochuluka ndithu poyerekeza ndi 1,000 a halojeni pa dimu ndi 1,650 pa fulu, koma si zija tinalipirira. Akatentha, pakapita mphindi 20 kapena 30, kuwalako kumatsikanso.

Vuto limene silinathe ndi lothobwa anzathu m'maso. Nyali ya H4 inapangidwa kuti ilandire kuwala kuchokera pa kawaya kopyapyala kamene kali pamalo amodzi enieni, ndipo pansi pa kawaya ka dimu pali kachitsulo kotchinga kuti kuwala kusakwere m'mwamba. N'chifukwa chake dimu yabwino imajambula mzere wodulidwa bwino pakhoma, wathyathyathya kumanja, wokwera pang'ono kumanzere popeza timayendera kumanzere. LED imawalira mbali ziwiri zokha, kuchokera pa kathabwa kokhuthala kuposa kawaya kaja. Tchipisi, tizidutswa towala ta pa kathabwako, tikangosuntha ndi milimita imodzi kapena iwiri, mzere uja umasungunuka. Patsogolo penipeni pa bampala pamayera ngati masana, nthambi za mitengo zimawala, koma pa mamita 60 pomwe pali wa kabaza wopanda chonyezimira pamakhala mdima. Maso nawo amazolowera kuwala kwa pafupiko, ndiye patali pamaoneka pakuda kuposa kale. Pa M1 usiku madalaivala a malole amakuphethirira nyali uli pa dimu, ena n'kukuyatsira fulu mpaka mutadutsana, ndipo sakulakwa.

Pali zimene zimachepetsako. Tembenuzani babu m'kolala yake kuti tchipisi tiyang'ane kumanja ndi kumanzere, osati m'mwamba ndi pansi, kotchinga ka pa babulo kakhale pansi. Kenako imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchoka pakhoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchoka pansi, mulembe mzere womwewo pakhoma. Ngati pa nyali palembedwa 1.0%, mzere wa dimu uzikhala masentimita 10 pansi pa chizindikiro chanucho. Ndi halojeni zimatheka mu mphindi zochepa. Ndi LED iyi panalibe mzere woti uyezedwe, kunali kungotsitsa nyali mpaka anthu atasiya kudandaula, ndipo pamenepo kuona patali kwatha.

Mvula ndi chiperoni zimaonjezera. Kuwala koyera kwa LED, kwa 6500K pa muyezo wa mtundu wa kuwala, kumabwerera m'maso kuchokera pa chifunga ndi madontho, ndipo phula lonyowa limangokumeza. Kuwala kwachikasu pang'ono kwa halojeni, kozungulira 3200K, sikutopetsa maso choncho. Wayilesi ya FM nayo imachita phokoso nyali zikayaka, ndipo pa ma Toyota ena akale kanyali kabuluu ka fulu pa dashibodi kamasiya kuyaka chifukwa LED sikoka moto wokwanira.

Chimene chapha babu ndi fani. Kuti chitsulo chake chikwane, labala yotseka kumbuyo kwa nyali inadulidwa poika. Fumbi la Okutobala linalowa, fani inayamba kulira, kenako kuima, tchipisi n'kupsa. Pa mpata womwewo chinyezi chalowa ndipo chigoba chonyezimira chayamba kuzilala cha m'munsi. Chimenecho sichipukutika, n'kugula nyali yonse.

Usiku wouma wa mumzinda ndimawakondabe mababuwa, sindibisa. Ndikaona nyali yozilalayo ndimapsa mtima. Wogulitsa analonjeza pakamwa chaka chathunthu, koma lero akuti chitsimikizo chake sichikhudza fani, ndiponso sagulitsa babu limodzi, ndigule awiri. Pa lisiti panangolembedwa mtengo.

Kwa mnzangayo ndati ayambe ndi zotchipa. Galasi lapulasitiki likachita chikasu, lipalidwe ndi sandipepala yonyowa ya 800, 1500 ndi 3000, lipolishidwe, lipakidwe mankhwala oteteza ku dzuwa, apo ayi chikasucho chidzabwerera m'miyezi yochepa. Ayeze magetsi pa soketi injini ikulira. Ngati akuperewera ndi volti imodzi poyerekeza ndi pa batire, halojeni yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kwake, ndipo rileyi (kaswitchi kotengera moto ku batire) ndi waya wokhuthala wokhala ndi fyuzi zimabweza kuwalako. Halojeni za 100/90W asayese, zimasungunula soketi. Akafuna kuwala koonjezera, halojeni za 60/55W monga Osram Night Breaker kapena Philips RacingVision zimasunga mzere wa dimu, kungoti sizikhalitsa ngati zawamba. Ngati mtima uli pa LED basi, akaziyese pakhoma madzulo asanalipire, ziikidwe osadula labala, ndipo miyezi ya chitsimikizo ilembedwe pa lisiti, fani itchulidwe. Ine ndabwezera halojeni mbali zonse ziwiri pa ndalama yosafika theka la zimene wogulitsa uja akufuna, ndipo babu la LED lotsalalo ndamupempha alitenge andibwezereko kenakake. Akuti ndidikire abwana ake.